Pa Phaka Kapena Kumtunda

Filimu ya Werner Herzog yotchedwa Aguirre, der Zorn Gottes, kutanthauza kuti Aguirre, Mkwiyo wa Mulungu, imayamba ndi phiri lokutidwa ndi nkhungu. Poyamba suona kanthu koma thanthwe ndi mitambo. Maso akazolowera umazindikira kuti m'mbali mwa phirilo mukuyenda zinthu, kamzere kakang'ono ngati ka linthumbu kakutsetsereka m'kanjira kopapatiza. Ndi anthu. Akamayandikira umaona asilikali a ku Spain ovala zisoti zachitsulo, wansembe, akazi awiri amene apatsidwa machila, nkhumba, nkhuku m'zikwere, ndi mzinga umene akuukoka m'matope. Pakati pawo pali eni dziko, osenza katundu yense, ena atamangidwa maunyolo. Pamwamba pa zonsezi pakumveka nyimbo ya gulu la Popol Vuh, yonga kwaya yoimba patali popanda mawu.

Mwa mafilimu amene ndinaonapo, ndi ochepa amene amayamba mokongola chotere, ndipo vuto langa layambira pomwepo. Chimene chikukongolacho ndi ulendo wa anthu olanda dziko la eni. Amene akusenza katundu m'phirimo akufa ndi chimfine ndi kutopa. Ine woonera ndakhala pansi, mtima uli m'malo, ndikusirira. Funso limene ndikufuna kulisinkhasinkha ndi ili: kodi luso lili ndi chilolezo chosandutsa nkhanza kukhala chinthu chokoma m'maso? Ndipo ife amene makolo athu anaona zombo za alendo ali chiimire kumtunda, tikaitcha filimu imeneyi yabwino, tikuvomereza chiyani?

Filimuyi inatuluka mu 1972 ku West Germany, Herzog ali ndi zaka 30. Anaijambula ku Peru, kuyambira m'mapiri a ku Machu Picchu mpaka m'mitsinje ya Urubamba, Huallaga ndi Nanay, kwa milungu pafupifupi isanu, ndi ndalama zokwana madola a ku America ngati 370,000. Gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo linapita kwa munthu mmodzi, Klaus Kinski, amene anasewera ngati Lope de Aguirre. Kamera inali imodzi yokha, m'manja mwa Thomas Mauch, ndipo Herzog mwini amanena kuti anaitenga mosapempha pa sukulu ina ya mafilimu ku Munich.

Nkhani yake ndi yaifupi. Chakumapeto kwa 1560 gulu la Gonzalo Pizarro likufunafuna El Dorado, dziko la golide, koma latitimira m'nkhalango. Pizarro atuma amuna 40 kuti atsike mtsinje pa maphaka, mitengo yomangidwa pamodzi yoyandama pamadzi, akaone zimene zili kutsogolo. Mtsogoleri wawo ndi Pedro de Ursúa, wachiwiri wake ndi Aguirre. Ursúa akafuna kubwerera, Aguirre amuukira, alonga ufumu munthu wonenepa ndi waulesi, Fernando de Guzmán, nalengeza kuti iwo sali pansi pa mfumu Philip II ya ku Spain. Kuchoka apo phaka limangoyandama, anthu akutha mmodzimmodzi ndi njala, malungo, mivi yochokera m'nkhalango, ndi manja a anzawo.

Lope de Aguirre analipodi. Anali pa ulendo wa Ursúa umene unatsika mtsinje wa Marañón mu 1560. Ursúa anaphedwa pa 1 Januwale 1561, Guzmán analongedwa ufumu kenaka naye anaphedwa, ndipo Aguirre anafika mpaka kunyanja, nalanda chilumba cha Margarita, nalembera Philip II kalata yomunyoza. Anaphedwa ku Barquisimeto, m'dziko limene lero ndi Venezuela, mu Okutobala chaka chomwecho, atayamba wapha mwana wake wamkazi Elvira. Koma Herzog anasakaniza ulendo umenewu ndi wina wa zaka 20 m'mbuyo mwake. Gonzalo Pizarro ndi wansembe Gaspar de Carvajal, amene filimuyi imati ndiye akulemba zochitika za tsiku ndi tsiku, anali a ulendo wa 1541 ndi 1542, umene Francisco de Orellana anatsikira mtsinje wa Amazon. Mu 1560 Pizarro anali atafa kale. Buku la Carvajal limene timamva likuwerengedwa m'filimu analipeka Herzog. Izi sizindivuta. Wosimba nthano ali ndi ufulu wophatikiza maulendo awiri, malinga ngati chimene akunena za mtima wa ulendowo ndi choona. Ndiye tiyenera kufunsa chimene akunena, ndi mmene akuchinenera.

Luso loyamba la filimuyi lili pa mmene imachitira ndi nthawi. Mafilimu ambiri a nkhondo amayamba pang'onopang'ono n'kumathamanga chakumapeto. Iyi imachita zosiyana. Kumayambiriro madzi ndi aukali, mathithi akuwinduka, phaka limodzi lakodwa m'madzi ozungulira ndipo anthu ali pomwepo akungozungulira osatha kuchoka. Mtsinje ukamakula madzi amadekha, ndipo akamadekha mantha amakula. Chakumapeto phaka silionekanso ngati likuyenda. Mbalame zikatonthola asilikali amanjenjemera, amauza munthu woimba chitoliro kuti aimbe kuti chete asawaphe. Woonera amatopa nawo limodzi, ndipo kutopako ndiko filimuyi ikufuna. Ulendo wolanda dziko, umene m'mabuku a olandawo umamveka ngati kuguba kwa ngwazi, pano ndi amuna onunkha thukuta atakhala pa mitengo yonyowa, akudikira chinthu chimene kulibe.

Luso lachiwiri ndi thupi la Kinski. Aguirre wake amayenda chammbali ngati nkhanu, phewa limodzi lili m'mwamba, ndipo akamalowa m'chithunzi amachita ngati akudzipotokola kuchokera kuseri kwa kamera. Kawirikawiri sakuwa. Amayang'ana. Herzog amasimba kuti Kinski ankafuna kusewera munthu wolalata, ndiye iye ankamuputa dala kuti alalate kamera isanayambe, mpaka mphamvu zitamuthera, kenaka n'kujambula munthu wofatsa ngati njoka yodzipinda. Kaya zinalidi choncho ndendende, chimene chili m'filimu chikuoneka: munthu amene ukali wake wonse wabwerera mkati.

Luso lachitatu, limene kwa ine monga womasulira ndilo lalikulu, ndi mmene filimuyi imasekera mapepala. Anthuwa akufa ndi njala koma saleka kulemba. Poukira mfumu ya ku Spain alemba chikalata, nachiwerenga mokweza pakati pa nkhalango kumene mitengo yokha ndiyo ikumva. Pofuna kupha Ursúa ayamba achita bwalo la milandu, wansembe ali woweruza. Guzmán, atakhala pa kampando ka matabwa kamene akuti ndi kachifumu, amayang'ana gombe la kumanja ndi la kumanzere nalengeza kuti zonsezo ndi zake, nasaina, nasangalala kuti dziko lake tsopano laposa Spain kukula kangapo. Phazi lake silinapondepo dothi limenelo. Amadya nsomba ndi zipatso pamene asilikali akuwerenga njere za chimanga. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo m'mawa wina Guzmán apezeka atafa pafupi ndi chimbudzi cha pa phakapo.

Seweroli lingaoneke ngati nthabwala ya Herzog, koma mbiri ili ndi zoposa pamenepa. Kuyambira 1513 ankhondo a ku Spain anali ndi chikalata chotchedwa Requerimiento, chimene ankayenera kuwerengera eni dziko asanawathire nkhondo. Chinkafotokoza kuti Papa anapereka maiko amenewo kwa mafumu a ku Spain, ndipo aliyense wokana kugonja mlandu wa imfa yake ukhala pamutu pake. Nthawi zambiri chinkawerengedwa m'Chisipanishi kwa anthu osamva chinenerocho, mwina ali kutali, mwina atamangidwa kale. Pepala linkasambitsa m'manja mwa wakupha. Filimuyi yaligwira bwino khalidwe limeneli la utsamunda, lofuna kuti kuba kukhale ndi siginecha.

Pali mphindi imodzi imene imasonkhanitsa zonsezi. Mwamuna ndi mkazi, eni dziko, afika pa bwato mwamtendere nakwera pa phaka. Mwamunayo wavala kanthu kagolide m'khosi, ndipo maso onse ali pamenepo. Wansembe amupatsa Baibulo namuuza kuti muli mawu a Mulungu. Munthuyo alitenga, aliika kukhutu, amvetsera, kenaka anena kuti bukulo silikulankhula. Amupha pomwepo chifukwa chonyoza Mulungu. Herzog anatenga chithunzi chimenechi ku nkhani ya ku Cajamarca pa 16 Novembala 1532, pamene wansembe Vicente de Valverde anapatsa buku Atahualpa, mfumu ya Ainka, ndipo bukulo litagwera pansi asilikali a Francisco Pizarro anayamba kupha. Munthu wa pa bwato uja sanalakwe. Anauzidwa kuti m'chinthucho muli mawu, nachita zimene munthu wanzeru aliyense amachita ndi mawu, kuwamvetsera. Amene analephera ndi womupatsayo, amene sanaganize kuti mawu afunika kuwoloka kuchoka m'chinenero china kupita m'china, ndi kuchoka pa pepala kupita kukhutu. Kulephera kwa wamphamvu kunalipidwa ndi moyo wa wofooka.

Ndikanalekera pano, ndikanati filimuyi ndi yoyera ndipo ili mbali yathu. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pali milandu itatu imene ndiyenera kuiika pabwalo.

Woyamba ndi umene Chinua Achebe anaimba Joseph Conrad mu 1975, polankhula pa yunivesite ya Massachusetts za buku la Heart of Darkness. Mfundo ya Achebe inali yakuti buku lingathe kudzudzula utsamunda koma n'kusandutsabe kontinenti yonse ndi anthu ake kukhala bwalo chabe pamene mzungu mmodzi akupengera. Mlandu umenewu ukukwanira pa Aguirre ngati malaya osokedwa pa muyeso. Kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto kamera ili pa phaka. Anthu a kumtunda sitiwadziwa maina, sitilowa m'nyumba zawo iwo ali momwemo, sitimva akukambirana chochita ndi alendowa. Timangoona mivi yawo ikutuluka m'masamba ngati kuti nkhalango yokha ndiyo ikuponya. Mudzi umodzi umene asilikali alowamo uli ndi zizindikiro za kudya anthu, ndipo pamalo ena anthu akufuula kugombe, womasulira n'kunena kuti akuti kukuyandama nyama. Chithunzi cha mwini dziko wodya anthu ndi chida chakale cha olanda maiko, chimene chinkawapatsa chifukwa chogwirira anthu ukapolo. Herzog anachitola osachifunsa mafunso.

Wina angayankhe kuti kusaoneka kwa eni dziko ndiko mfundo yake. Filimuyi ikutionetsa khungu la olandawo, ndipo kuti timve khungulo tiyenera kukhala nalo. Yankho limeneli lili ndi mphamvu. Ndipo mawu olembedwa amene amatsegula filimuyi amanena kuti nthano ya El Dorado anaipeka ndi eni dziko ataona kuti Ainka agonja, kuti anyengere alendowo kulowa m'madambo. Ngati ndi choncho, anthu osaonekawo ndiwo akuyendetsa nkhani yonse. Anagonjetsa mifuti ndi nthano, ndipo phaka lonse likuyandama mkati mwa bodza lawo. Ndimaukonda mtanthauzo umenewu. Komabe sukuchotsa mlandu wonse. Munthu amene akupambana osaonekera nkhope amakhala ngati mphepo kapena matenda. Timamuopa, koma sitimumvera chisoni, sitiseka naye, sitimudziwa.

Anthu awiri okha pa phakapo ndiwo amang'amba nsalu imeneyi pang'ono. Mmodzi ndi Balthasar, womasulira. Pa mphindi ina yachete amafotokozera mwana wa Aguirre kuti kale anali mwana wa mfumu, dzina lake linali Runo Rimac, kutanthauza wolankhula, ndipo anthu sankaloledwa kumuyang'ana kumaso. Tsopano ali m'maunyolo ndipo ndiye amene amayang'ana pansi. Amanenanso kuti akuwamvera chisoni Asipanishiwo chifukwa akudziwa kuti m'nkhalangomo mulibe potulukira. Ntchito yanga ndi kumasulira, ndipo munthu ameneyu amandikhudza kuposa Aguirre. Anam'landa dzina n'kumusiyira lilime, chifukwa lilime lokha ndilo linali ndi phindu kwa iwo. Ndiye amene anapereka m'chinenero cha alendo mawu aja akuti buku silikulankhula. Akanatha kuwapotoza n'kupulumutsa munthu, kapena mwina mantha sanamulole. Filimuyi siima kuti iganizire zimenezo. Imamupatsa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka imabwerera kwa Kinski.

Winayo ndi Okello, kapolo wakuda, munthu yekhayo wochokera kwathu kuno ku Afirika pa ulendowu. Polowa m'mudzi wina amamuvula malaya n'kumukankhira patsogolo poganiza kuti khungu lake liopseza eni mudzi. Chakumapeto, onse atafooka ndi malungo, aona chombo chenicheni chitapachikika pamwamba pa mtengo wautali, ndipo Okello amanena kuti chimenecho si chombo, nkhalangoyo si nkhalango, ngakhale muvi umene wamulasa mwendo si muvi. Ndi mawu okongola kwambiri m'filimu yonse, ndipo anapatsidwa kwa kapolo. Koma za kumene anachokera, amene anamugulitsa, chimene akulakalaka akagona usiku, sitiuzidwa zambiri. Nayenso ndi chida choimbira nyimbo ya wina.

Mlandu wachiwiri ndi wobisika kuposa woyamba. Filimuyi imati kulanda dziko ndi misala, ndipo ambiri amaiyamikira chifukwa cha chimenecho. Ine ndimaopa kuti mawu akuti misala ndi chikhululukiro. Wamisala saimbidwa mlandu. Komanso Aguirre analephera, ndipo ufumu wa Spain womwewo unamudula nthulinthuli monga chigawenga. Amene anasintha Peru mpaka lero anali anthu a mitu yabwinobwino. Siliva wa ku Potosí anapezeka mu 1545, ndipo m'zaka za m'ma 1570 bwanamkubwa Francisco de Toledo anakonza dongosolo la mita, lokakamiza midzi kutumiza amuna kukagwira ntchito m'migodi mosinthana. Toledo yemweyo ndiye analamula kuti Túpac Amaru, mfumu yomaliza ya Ainka, adulidwe mutu ku Cusco mu 1572, zaka 400 ndendende filimuyi isanatuluke. Sankayenda chammbali ngati nkhanu. Ankawerengera anthu, kulemba malamulo ndi kutumiza malipoti. Ife amene tinamva kwa agogo za thangata ndi msonkho wa nyumba tikudziwa kuti nkhanza yokhalitsa imabwera ndi kaundula. Filimu yoonetsa wamisala pa phaka ingathe kupangitsa woonera wa ku Ulaya kunena kuti uyu si ine, n'kupita kukagona mwamtendere.

Pano ndiyenera kuiteteza filimuyi, chifukwa ikaonedwa mosamala ili ndi yankho. Maunyolo a m'phiri aja anaikidwa Aguirre asanatenge ulamuliro. Amene anawaika ndi Pizarro, mtsogoleri wovomerezeka. Ursúa, munthu waulemu amene timamumvera chisoni, naye anabwera kudzafuna golide wa eni. Wansembe Carvajal, atapemphedwa ndi Inés, wokondedwa wa Ursúa, kuti alowererepo, amayankha mosachita manyazi kuti mpingo nthawi zonse umakhala mbali ya amphamvu. Ndiye amene amabaya munthu wa Baibulo uja, ndipo pofotokoza za golide maso ake amawala ngati a msilikali aliyense. Choncho Aguirre sanabweretse matenda pa ulendowu. Iye wangovula chovala chimene anzake avala. Ena amaba m'dzina la mfumu ndi la Mulungu, iye wafunsa kuti bwanji osangoba m'dzina lake. Misala yake ndi nzeru za anzake zitafika kumathero ake. Ndikaiona motero, mlandu wachiwiri umachepa, ngakhale ndikudziwa kuti nkhope ya Kinski ili ndi mphamvu yoti ambiri amatuluka akukumbukira iyo yokha.

Ulendo wotere si wachilendo kwa ife a m'chigwa cha Zambezi. M'chaka chomwecho cha 1561, wansembe wa Chipwitikizi Gonçalo da Silveira anaphedwa ku likulu la Mwene Mutapa. Imfa yake inapatsa Portugal chifukwa chotumizira Francisco Barreto, amene ananyamuka ku Lisbon mu 1569 ndi gulu lankhondo kudzafuna migodi ya golide. Anakwera Zambezi mpaka ku Sena, kumene amuna ndi akavalo anayamba kufa ndi matenda. Poganiza kuti athiridwa ziphe, anapha amalonda a Chisilamu a pamalopo mwankhanza. Barreto mwini anafera ku Sena mu 1573 asanaone golide amene anadzera. Mtsinje, golide wa m'maloto, wansembe pambali pa msilikali, akavalo akufa: zonse zilipo. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa nkhani imeneyi anthu a kumtunda ndi abale athu. Ndikamaona Aguirre sindingathe kuiwala kuti malo anga enieni m'nkhani yotere ali kuseri kwa masamba, kumene kamera siifika.

Mlandu wachitatu ukukhudza mmene filimuyi inapangidwira. Palibe chinyengo cha makina m'zithunzi zake. Anthu amene akuoneka akutsika phiri loterera anatsikadi, ndipo amene ali pa phaka m'mathithi analidi pangozi. Ambiri mwa osenza katunduwo anali alimi olankhula Chiquechua ochokera ku Lauramarca, m'mapiri a Peru. Kinski anali munthu woopsa. Anamenya mnzake wina ndi lupanga pamutu, chisoti chokha n'chimene chinamupulumutsa, ndipo usiku wina anaombera mfuti m'kanyumba kamene anthu ankasewera makadi, nadula nsonga ya chala cha mmodzi. Herzog amavomera kuti Kinski atafuna kuthawa ntchito anamuopseza kuti amuombera kenaka adziombera yekha. Zambiri mwa izi anazisimba yekha mu filimu yake ya 1999, Mein liebster Feind. Kinski anamwalira mu 1991, ndipo mu 2013 mwana wake Pola analemba buku lofotokoza kuti bambo akewo ankamugwirira kuyambira ali mwana. Amene wamva zimenezi sangaonenso chimodzimodzi mphindi yomaliza, pamene Aguirre akulengeza kuti akwatira mwana wake yemwe ndi kuyambitsa mtundu woyera kuposa yonse.

Anthu ena amasimba nkhani za kujambulidwa kwa filimuyi mosangalala, ngati umboni wakuti Herzog ndi ngwazi. Ine zimandionetsa mzungu wa masomphenya akutsogolera gulu m'nkhalango ya eni, eni akewo atasenza katundu, kuti akapeze chuma chimene dzina lake lokha ndilo lidzakumbukiridwe nacho. Kufanana kwake ndi nkhani imene ankajambula n'koonekeratu, ndipo iye mwini amakudziwa. Sindikunena kuti wojambula filimu ndi wofanana ndi wakupha. Palibe amene anafa pojambula Aguirre, ndipo anthu aja analembedwa ntchito, sanagwidwe. Koma kukongola kwa phiri lija kunali ndi mtengo, ndipo amene analipira kwambiri si amene timawatchula maina.

Nanga tsono ndiima pati? Ndikukhulupirira kuti Aguirre ndi filimu yaikulu, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezo m'Chichewa. Kukongola kwake sikukometsera olanda dziko. Chimene chikukongola ndi phiri, mtsinje, kavalo amene anamukankhira m'madzi ataima yekha m'mphepete mwa nkhalango akuyang'ana phaka likupita, Inés atavala diresi lake labwino akuyenda kulowa m'mitengo osacheuka. Pakati pa zinthu zazikuluzi olandawo amaoneka aang'ono, auve ndi oseketsa. Pamapeto Aguirre watsala yekha ndi mitembo, phaka ladzaza tiapusi tambirimbiri, iye watola kamodzi m'dzanja n'kumakafotokozera za ufumu wake, kamera ikuzungulira phakalo ngati khungubwe. Palibe mnyamata amene angaone zimenezo n'kulakalaka kukhala Aguirre. Apa pali kusiyana ndi mafilimu ambiri a nkhondo amene amati akudana ndi nkhondo koma amaipangitsa kukoma. Ngakhale Apocalypse Now ya Francis Ford Coppola ya 1979, imene mwini wake amavomera kuti inatengera zambiri kwa Herzog, ili ndi ndege zankhondo zimene zimasangalatsa woonera. Mu Aguirre mzinga umaombera masamba.

Koma ukulu wa ntchito yaluso si chiphaso chakuti ilibe mlandu. Anthu amakonda kufunsa ngati filimu ndi yabwino kapena yoipa, ngati kuti yankho liyenera kukhala limodzi. Ng'anga ingathe kudziwa bwino nthenda imodzi n'kukhala yosadziwa ina, ndipo wodwala wanzeru amatenga mankhwala a nthenda yoyambayo n'kupita kwina kukafuna a yachiwiri. Herzog amaudziwa mtima wa wolanda dziko mpaka kunsi kwake, mwina chifukwa anabadwa ku Germany mu 1942 ndipo anakula m'mabwinja a munthu wina wolota za mtundu woyera. Mtima wa wolandidwa saudziwa, ndipo chabwino chake ndi chakuti sanayerekeze kwambiri kuulankhulira. Tchimo likanakhala langa ndikanatenga theka limene iye wapereka n'kuliyesa nkhani yonse.

Theka linalo lilipo, ndipo linalembedwa kalekale. Patapita zaka pafupifupi 50 Aguirre atalembera Philip II, mwini dziko wina wa ku Peru, Felipe Guaman Poma de Ayala, anamaliza kalata yake yopita kwa Philip III cha m'ma 1615. Inali ya masamba pafupifupi 1,200, ndi zojambula pafupifupi 400, m'Chisipanishi chosakanizika ndi Chiquechua, yofotokoza mbiri ya anthu ake ndi nkhanza za abwanamkubwa ndi ansembe. Anali atagwirapo ntchito yomasulira, monga Balthasar. Kalatayo inakhala zaka mazana atatu osadziwika mpaka inapezeka mu 1908 m'nyumba ya mabuku ya mfumu ku Copenhagen. Limeneli ndilo buku limene linkalankhula, koma amene analitumiziridwa sanaliike kukhutu.

Ndipo pa phaka la Herzog pomwepo panali munthu amene pambuyo pake anatembenuzira kamera kumtunda. Amene anasewera Ursúa ndi Ruy Guerra, wojambula mafilimu wotchuka ku Brazil, koma wobadwira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, mu 1931. Mozambique italandira ufulu anabwerera kwawo najambula Mueda, Memória e Massacre, filimu yonena za kuphedwa kwa anthu ku Mueda pa 16 Juni 1960, pamene atsamunda a Chipwitikizi anaombera khamu limene linasonkhana pa boma. M'filimu imeneyo anthu a ku Mueda eni ake ndiwo amasewera zimene zinawachitikira, ena atavala ngati asilikali ndi akuluakulu a boma, owonera akuseka ndi kulira pabwalo lomwelo. Ilibe kukongola kwa phiri la nkhungu, ndipo ndi ochepa kunja kwa Mozambique amene anaiona. Ndikanakhala ndi mphamvu pa nyumba ina yoonetsera mafilimu m'chigawo chathu chino, ndikanazionetsa usiku umodzi, Aguirre poyamba, Mueda pambuyo, anthu n'kutsala kukambirana.